Wisiki wa a malume ndi vinyo wa thovu pa phiri la Zomba

A malume anga atapuma pantchito yauphunzitsi, tinawafunsa chimene akufuna tiwachitire. Sanafune phwando la muholo. Anati akufuna kukagona usiku umodzi pamwamba pa phiri la Zomba. Ali mnyamata anaphunzira ku Chancellor College, phirilo ankaliona tsiku ndi tsiku akatuluka m'kalasi, koma kugonako anali asanagoneko. Ndiye Loweruka lina la mu Ogasiti tinanyamuka ku Blantyre galimoto ziwiri: a malume, amayi aang'ono, achemwali anga ndi amuna awo, ndi ine.

Pa Namadzi ndi pa Thondwe tinangodutsa. Koma tikulowa m'tauni, a malume anauza alamu kuti aimitse galimoto pa nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anavula chipewa n'kuyamba kuwerenga mayina mwakachetechete. Ife tinawadikira pamthunzi. Kenako tinalowa mumsika kukagula nyama ya mbuzi, makala ndi mandimu. Mandimuwo anaumirira ndi alamu, ndipo panthawiyo sindinadziwe kuti akufuna atani nawo.

Zomba ili ndi ulemu wake wa munthu wachikulire. Inali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Nyumba zakale za njerwa zofiira zikadalipo pansi pa mitengo ikuluikulu. Ukangozidutsa, msewu umayamba kukwera mokhotakhota, makutu n'kumatseka, mphepo n'kuyamba kuluma. M'makona muli amayi ndi anyamata ogulitsa masitiroberi m'timabasiketi. Tinagula tiwiri, ndi botolo la uchi kwa bambo wina wachikulire.

Nyumba imene tinachita lendi inali pakati pa mitengo ya paini, yophika wekha, yokhala ndi malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera. Masana tinapita ku damu la Mulunguzi ndi ku Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965. Kunja kunali koyera, moti nyanja ya Chilwa inkanyezimira chapatali ndipo phiri la Mulanje linkaoneka ngati mtambo wakuda. Pofika 5 koloko nkhungu inali itayamba kukwawa m'mitengo, aliyense akufunafuna juzi.

Tsono nkhani imene ndakhalira pansi kuti ndilembe ndi ya mabotolo.

A malume anabwera ndi wisiki wa ku Scotland amene ana awo a sukulu akale anawapatsa potsanzikana. Ndi wochokera pa chilumba cha Islay, kumene balere amamuyanika pa utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo limene likauma limayaka ngati nkhuni. Ukatsegula botolo, fungo lake limakukumbutsa khitchini ya kumudzi imene denga lake lada ndi mwaye. Amayi aang'ono anabwera ndi vinyo wa thovu wotsekemera, uja timatsegula pa ukwati n'kumati shampeni. Aliyense ankafuna kuti chotsegulira mwambo chikhale chake. Ine pofuna kuti onse akondwe ndinati tingosakaniza, poti ndinamvapo kuti anthu amatero. Ndinathira wisiki mpaka pakati pa tambula n'kudzazitsa ndi vinyo uja, amene anali atakhala tsiku lonse kumbuyo kwa galimoto.

Sizinamweke. Utsi ndi shuga zinamenyana m'kamwa, ngati munthu wanyambita phulusa lothira manyuchi. Thovu linafa nthawi yomweyo. A malume analawa kamodzi n'kuika tambulayo pansi osanena kanthu, ndipo mtima unandiwawa chifukwa botolo limenelo linali mphatso imene ankaisunga ngati dzira.

Alamu anagwirapo ntchito mubala ya hotela ina ku Cape Town zaka zingapo. Ndi munthu wofatsa, salankhula pamaso pa akuluakulu asanafunsidwe. A malume ndi amene anawatembenukira. "Apongozi, inu mwaziona zambiri izi. Kodi zimenezi zimayenderanadi?"

"Zimayenderana, bambo, koma osati awiriwa," anatero alamu. "Wisiki wanuyu musiyeni yekha, timadzi pang'ono basi."

Anapita kugalimoto n'kubwera ndi mabotolo ena awiri amene anali atawakwirira m'madzi oundana kuyambira ku Blantyre. Loyamba linali la bourbon, wisiki wa ku America. Atatiuza kuti lamulo la kumeneko limati bourbon apangidwe ndi chimanga chosachepera magawo 51 pa 100 aliwonse, a malume anaseka n'kunena kuti ndiye kuti ameneyu ndi m'bale wathu. Alamu anafotokoza kuti amamutcheza monga mmene amayi a kumudzi amatchezera kachasu, kusiyana kwake n'kwakuti akatero amamusunga m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka mkati. Mgolowo ndi umene umamupatsa mtundu wofiirira ndi kafungo ka shuga wopsereza. Wa ku Scotland naye amagona mumgolo, ndipo lamulo lawo silimulola kutchedwa Scotch asanathe zaka 3.

Botolo lachiwiri linali la Cap Classique, vinyo wa thovu wa ku South Africa, lolembedwa kuti Brut. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti dzina loti Champagne ndi la vinyo wochokera kudera la Champagne ku France kokha. A ku South Africa amapanga wawo mwa njira yomweyo, yowiritsa vinyo kachiwiri ali kale m'botolo kuti mpweya utsekeredwe momwemo, ndipo botolo lawo loyamba lotere linapangidwa ku Simonsig, kufupi ndi Stellenbosch, mu 1971. Mawu oti Brut amatanthauza kuti shuga ndi wochepa, saposa magalamu 12 pa lita. Wa amayi aang'ono uja anali wotsekemera kutalitali, n'chifukwa chake anakanika. Bourbon ali kale ndi kukoma kwake, amafuna mnzake wowawasa womudzutsa, osati womuwonjezera shuga.

Ndinaonetsetsa mmene anatsegulira. Sanagwedeze botolo ngati mmene timachitira pa ukwati. Anamasula kawaya chala chachikulu chili pa chotsekera, analipendeketsa kuloza kumene kulibe munthu, n'kumatembenuza botolo lenilenilo pang'onopang'ono chotsekera atachigwira nji. Linangoti fyuu, ngati munthu wausa moyo, osatayika ndi dontho lomwe. Anati mpweya wa mmenemo ndi wamphamvu pafupifupi katatu kuposa wa m'tayala la galimoto, ndipo chotsekera chikathawa chikhoza kuphulitsa diso.

Kasakanizidwe kake n'kosavuta. Anasungunula supuni yaing'ono ya uchi uja m'timadzi tofunda, anafinyiramo theka la ndimu, anathira toti imodzi ya bourbon, n'kutakasa ndi madzi oundana mpaka tambula itachita thukuta. Anakhuthulira m'galasi ina, kenako anathira vinyo motsetsereka m'mbali mwa galasiyo kuti thovu lisafe. Wisiki anali pafupifupi gawo limodzi, vinyo magawo anayi. Ine ndinali nditachita theka ndi theka, kuiwala kuti wisiki mphamvu yake ndi 40 peresenti pamene vinyo ali cha pa 12. Pamwamba anaponyapo sitiroberi imodzi yodula pakati, ndipo tithovu tinayamba kuizungulira n'kumaikweza ndi kuitsitsa.

Ndinalawa. Choyamba kufika chinali kuzizira ndi kuwawasa kwa ndimu, kenako thovu likuthetheka palilime, ndipo pomeza m'pamene chimanga chija chinatulukira, kutentha pang'ono pachifuwa. Ndi mbuzi yowotcha yothira mchere ndi tsabola wa kambuzi zinagwirizana kwambiri, chifukwa thovulo linkatsuka mafuta m'kamwa, nthuli iliyonse n'kumakoma ngati yoyamba. Kwa ine, wisiki wosuta utsi asayandikire vinyo wa thovu, ndipo amene ali ndi vinyo wotsekemera yekha angomumwa payekha ndi keke. Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa mabotolo amenewa ndi odula, ndipo ambirife timawagula kamodzi pa chaka.

Alamu anati chakumwachi kubala amachitcha French 95, ndipo ndi mng'ono wake wa French 75, amene amathira jini m'malo mwa wisiki. Dzina la French 75 linachokera ku mzinga wa asilikali a ku France wa mamilimita 75, wa pa nkhondo yomwe ija ya 1914. A malume atamva zimenezi anakhala chete kanthawi. Kenako anaimirira, anatuluka pakhonde ndi galasi yawo, anathira timadontho pansi kuloza kumunsi kumene kuli nsanja ija, n'kubwerera pamoto.

Sitinapitirire magalasi awiriawiri. Alamu anakaniza ndithu, amvekere thovu limathamangitsa mowa kumutu ndipo munthu amadzidzimuka miyendo itakana kale. Makiyi a galimoto anasunga achemwali, amene samwa, ndipo palibe anatsika msewu wokhota uja usiku. Amayi aang'ono anatsegula vinyo wawo wotsala, ataziziritsa bwino tsopano, n'kumadyera masitiroberi, ndipo anati wawo ndi womwewo sasintha.

Moto utatsala makala okhaokha, a malume anatenga botolo lawo la ku Islay n'kuthira pang'ono m'matambula awiri, timadzi pamwamba. Ina anandipatsa ine. "Tamwa uyu mmene amamwera, mwana wanga," anatero. Panja nkhungu inali itatseka mpaka pazenera, ndipo utsi wa m'tambula ndi wa nkhuni za paini sunkasiyanitsikanso. Anayamba kundiuza za tsiku limene anafika ku Zomba koyamba pa basi, atanyamula sutikesi yamalata.