Foni ndi yamoyo, lafa ndi batire

Foni yanga yatha batire. Sikirini ilibe ndi mng'alu womwe, kamera ikujambula ngati kale, koma wokonza akuti batirelo analimata ndi guluu m'kati, ndiye bola ndingogula ina. Zoona, nditaye foni yathunthu chifukwa cha kachidutswa kamodzi?

Tikamakamba zoti zinthu zizigwiritsidwanso ntchito m'malo mothera kudzala, ambiri amaganiza kuti ndi nkhani yotola mabotolo basi. Ayi ndithu, nkhaniyi imayambira kwa wopanga. Akamata batire dala, wogula angachitenji? Mu 2022 mokha, dziko lonse linataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinatoledwa n'kukonzedwanso mwadongosolo sizinakwane ngakhale kota. M'zinyalalamo muli kopa ndi golide, zomwezo zimene anthu akuvutika kukumba m'migodi kuti apangire mafoni atsopano.

Mu 2021 dziko la France linalamula kuti mafoni azigulitsidwa ali ndi malikisi osonyeza ngati ali osavuta kukonza. Ndikanawaona malikisiwo ndisanagule, iyi ndikanaisiya pashelefu pomwepo. Pakadali pano ndikusaka wokonza wina, wosaopa guluu.