Mmene "but" anandilanditsira mbale ku Glasgow

Aphunzitsi athu a Chingerezi ku pulayimale anatiuza kuti "but" ndi "koma", ndipo ine ndinasunga zimenezi kwa zaka zambiri osadziwa kuti anandipatsa theka lokha. Theka linalo ndinakalipeza ku Glasgow usiku wa pa 25 Januwale, tsiku limene anthu a ku Scotland amakumbukira mlakatuli wawo Robert Burns, yemwe anabadwa mu 1759.

Mayi ena achikulire a kumpingo kwathu anandiitana kuti ndikalawe haggis, chakudya chimene amakonza ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, n'kusakaniza ndi anyezi ndi oats, mbewu yofanana ndi tirigu. Kwa munthu amene anakulira pa zam'kati za mbuzi za pachiwaya, fungo lokhalo linali ngati kalata yochokera kumudzi. Nditangolawa supuni yoyamba, mtima wanga unafuula kuti, "Koma ndiye mwaphika!" ndipo pakamwa, posafuna kuchedwa, panatuluka mawu akuti, "But you have cooked!"

Mayiwo anaima chilili, chipande chili m'manja, akundiyang'ana ngati munthu amene akudikira uthenga wamaliro. Poganiza kuti sindinawatamande mokwanira, ndinaloza mbale n'kunena kuti, "But this meat!" Nditaona kuti nkhope yawo ikufiira, ndinapukusa mutu mwaulemu monga timachitira kwathu chinthu chikatikomera kwambiri, ndipo ndinamaliza ndi mawu akuti, "But you, madam!"

Sanayankhe kanthu. Ananyamula mbale yanga mwakachetechete, n'kupepesa kuti chakudyachi si onse amene amachikonda, kenako anandibweretsera buledi ndi tchizi. Ndinakhala pamenepo ndikutafuna buledi wozizira, maso ali pa haggis wanga amene bambo a m'nyumbamo ankamukokolola popanda chisoni.

Bambowo ndiwo anandimasulira nkhaniyi pondiperekeza pokwerera basi, nditawafunsa chimene ndinalakwa. Kwathu "koma" amagwira ntchito ziwiri, chifukwa amatsutsa komanso amatamanda, moti mayi akamva kuti "koma nsimayi!" amamwetulira. "But" wa Chingerezi kawirikawiri amakhotetsa nkhani: akangomveka, womvera amadziwa kuti chimene chikubwera chitsutsa zomwe zanenedwa kale kapena zomwe iye amayembekezera. Munthu akakuuzani kuti mwagwira ntchito bwino n'kuwonjezera "but", konzekani, pakuti nkhani yeniyeni ili kutsogoloko. Tsono ine ndinali nditakhota katatu konse osanena kumene ndikulowera, ndipo mayiwo anadzimalizira okha ziganizo zitatu zonsezo: kuti nyamayo yandinyansa, kuti sindinkayembekezera kuti iwo angaphike, ndiponso kuti iwowo ali ndi vuto lina limene ndikuchita manyazi kulitchula.

Ndinapepesa kwambiri, ndipo bambowo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandigwira paphewa n'kunena kuti, "It was a good night, but." Atatero anangokhala chete.

Ine, pokhala wophunzira watsopano, ndinaweramitsa mutu kudikira chidzudzulo. Ndinadikira mpaka basi inafika, inatsegula chitseko, inatseka, n'kunyamuka. Apo m'pamene anandiuza kuti anthu a ku Glasgow amaika "but" kumapeto kwa chiganizo, ndipo pambuyo pake sipabweranso kanthu. Basi yotsatira inafika patatha mphindi 40, ndipo ndinaidikira m'chisanu cha Januwale m'mimba muli buledi ndi tchizi.