Chifukwa chake nyumba za Eichler zimandikopabe mtima

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene nyumba zomangidwa ku California nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha zimandikopabe mtima, ngakhale kuti zambiri mwa izo zatha zaka zoposa 60. Yankho ndimalipeza pa Joseph Eichler, amene sanali katswiri wojambula mapulani a nyumba, koma wamalonda amene anagwira ntchito nthawi yaitali pa bizinesi ya batala ndi mazira. M'zaka za m'ma 1940 iye anachita lendi nyumba ina ku Hillsborough, pafupi ndi mzinda wa San Francisco, yojambulidwa ndi katswiri wotchuka wa mapulani a nyumba, Frank Lloyd Wright, ndipo atalawa kukoma kokhala m'nyumba yodzaza kuwala, anaganiza zomangira mabanja wamba nyumba zoterozo. Kuyambira mu 1949, kampani yake inamanga nyumba pafupifupi 11,000, zambiri m'madera ozungulira San Francisco.

Denga la nyumbazi limakhala pa nsanamira ndi mitanda, choncho makoma sasenza katundu wolemera, ndipo khoma lonse la kuseri limatha kukhala lagalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Kumsewu nyumbayo imaoneka yodzichepetsa, pafupifupi yopanda mawindo, koma mu zambiri zomangidwa pambuyo pake munthu akangotsegula chitseko amapezeka ali pa kabwalo kosafolera pakati pa nyumba, pomwe mvula imagwa ndiponso maluwa amamera. Kabwalo kameneka ndi kamene ndimakakonda koposa, chifukwa mayi amene ali kukhitchini amaona ana akusewera panja, ndipo dzuwa limalowa m'zipinda zokazungulira popanda anthu odutsa kusuzumira.

Zovuta zilipo ndithu. Madenga afulati amadontha akakalamba, magalasi opyapyala amataya kutentha m'nyengo yozizira, ndipo mapaipi a madzi otentha amene anakwiriridwa m'simenti ya pansi kuti azifunditsa nyumba ndi ovuta kukonza akaboola.

Komabe ndimamulemekeza Eichler chifukwa ankagulitsa nyumba kwa aliyense mosayang'ana khungu kapena chipembedzo, pa nthawi imene omanga ambiri ku America ankakaniza anthu akuda, ndipo mu 1958 anatuluka m'bungwe la omanga nyumba la National Association of Home Builders chifukwa cha tsankho lomwelo. Chimene chimandiwawa n'chakuti nyumba zimene anamangira mabanja opeza ndalama zapakatikati, lero ku Palo Alto, tawuni ya pafupi ndi San Francisco, zikugulidwa ndi madola mamiliyoni angapo.