Za dyuti pa Muloza

Anzanga okaoda katundu ku Milange, ku Mozambique, tamvani, pa boda ya Muloza sikuti a MRA amangokuyang'anani nkhope nkutchula dyuti ayi. Amayambira pa mtengo omwe mwagulira, kuonkhetsa ndi ya transipoti ndi inshuwalansi mpaka katunduyo kufika pa boda, kenako amaona kuti ali mgulu lanji coz katundu aliyense ali ndi khodi yake ndi peresenti yake, zitenje ndi mafuta ophikira sizingafanane. Pamwamba pake pamabweranso VAT, zina mpaka excise, msonkho wapadera wa pa katundu wina. Nde zija zonyengerera wa shopu kuti akulembereni lisiti yotchipa ine ndimaona ngati kutaya nthawi, mtengo ukakayikitsa amangowerengera potengera katundu wofanana naye yemwe anadutsapo kale, lisiti yanuyo nkuiyika pambali.