Mmene ndinayendera ndi agogo mpaka kuwalowetsa ku kiliniki ya BP ndi shuga

Ngati muli ndi agogo kumudzi ndipo mukusakasaka inshuwalansi ya boma ya anthu okalamba, yoti mungowalembetsa n'kupatsidwa kakhadi, musathe nsapato m'maofesi, kuno kwathu chinthu chimenecho kulibe. Chomwe chilipo n'chakuti zipatala za boma ndi zaulere kwa aliyense, khanda ndi nkhalamba yomwe, basi. Koma zaulerezo kuti uzifikire pamafunika kudziwa poponda. Ine ndadutsamo ndi agogo anga, mayi awo a mayi anga, omwe amakhala kumudzi kuno ku Dedza kutali ndithu ndi tala, ndiye ndati ndifotokoze mmene zinayendera mwina wina zimuthandiza.

Zinayamba ndi mutu wosatha, chizungulire akamadzuka pamkeka, ludzu, komanso usiku kumangotuluka panja pafupipafupi. Eniakewo ankangoti ndi ukalamba. Pa gulu lathu la banja la pa WhatsApp amalume omwe ali ku Joni anangolemba kuti aikeni pa medical scheme ine ndizilipira, ngati kuti ndi zongogula pa golosale. Ndinafunsafunsa ndithu. Ma scheme alipo, ambiri mukudziwa MASM, koma amenewa si a boma, ndi olipira mwezi ndi mwezi ndipo anthu ambiri amalowamo kudzera kuntchito. Malo omwe ndinafunsa ine funso loyamba linali zaka, lachiwiri matenda omwe munthuyo ali nawo kale, kenako anandiuza za miyezi yodikira asanayambe kukulipirira zina. Nditatumiza mtengo wake pagulu paja amalume anangowerenga, ma tiki awiri a buluu, osayankha mpaka mawa lake kkkk. Ndiye tinabwerera ku boma.

Choyamba ndi buku la kuchipatala, lija ena amati health passport. Limagulidwa ndi kandalama kochepa ndipo ndi limene limasunga mbiri yonse ya wodwala, dokotala aliyense amalemba momwemo. La agogo tinalipeza pansi pa sutikesi, lokulungidwa mu pepala la shuga la pulasitiki, masamba ena atadyedwa ndi mphemvu, ndipo munali atalembedwamo matenda a anthu atatu chifukwa aliyense pakhomo akadwala ankangobwereka lomwelo. Izi ndi zoopsa, dokotala angaganize kuti gogo wazaka 80 anamwa mankhwala omwe anamwa mdzukulu. Tinagula latsopano, lawolawo. Tengani ndi chiphaso cha unzika chija analembetsa anthu mu 2017. Sikuti akubwezani popanda icho ayi, koma chimathandiza pa zaka, poti agogo ukawafunsa kuti munabadwa liti amangoti ndinali namwali pomwe Kamuzu amabwera. Kamuzu anabwera mu 1958, ndiye werengerani nokha.

Kenako ku health centre yapafupi. Musathamangire chipatala chachikulu, dongosolo lake ndi loti umayamba pa chaching'ono, iwowo akaona kuti zawakulira ndi amene amakutumiza kutsogolo. Lawirani. Amene mumadziwa chisanu cha ku Dedza mu June mukumvetsa kuti kukweza nkhalamba pa kabaza ya njinga yamoto m'bandakucha si masewera, tinawafunditsa zitenje ziwiri ndi jekete la malemu agogo aamuna, ine kumbuyo nditawagwira, wakabaza ndikumuuza kuti aise pang'onopang'ono wanyamula mazira apa. Tinapeza mzere uli kale mpaka pakhonde, ambiri amayi a ana. Ndinangopita kwa anesi mwaulemu n'kunena kuti amayi pepani, agogowa sangathe kuima nthawi yaitali. Anawapatsa malo pabenchi kutsogolo ndipo palibe amene anadandaula. Kupempha bwino kumagwira ntchito kuposa kukalipa za ufulu, anthu aja amakhala atatopa kale, munthu mmodzi kuona khamu lonse lija.

Atawayeza BP inali pamwamba kwambiri. Malire omwe amayang'ana ndi 140 pa 90, ukamapitirira pamenepo mobwerezabwereza ndiye kuti vuto lilipo, ndipo sangoweruza ndi kuyeza kamodzi, anawauza apume kaye n'kuwayezanso, kenako kutiuza tibwerenso tsiku lina. La shuga anati abwere m'mawa asanadye kanthu. Apa chenjerani, kwa agogo anga tiyi wothira masupuni atatu a shuga si chakudya, ndi madzi otentha chabe, ndiye muwauze momveka kuti ngakhale tiyi, ngakhale thobwa ayi. Nyamulani mbatata yophika kapena kachewere m'kontena kuti akangowabaya chala chija adye pompo.

Zotsatira zitatuluka anatilembera m'buku momwemo kuti tipite ku chipatala chokulirapo komwe kuli kiliniki ya matenda okhalitsa, BP, shuga, mphumu, khunyu. Tsamba limenelo ndiye kalata yanu, lijambuleni pafoni. Ndipo musanachoke funsani tsiku lomwe kilinikiyo imachitika, chifukwa si tsiku lililonse, mungawononge thiransipoti n'kukauzidwa kuti mubwere Lachinayi.

Mukalowa kwa dokotala lowani nawo limodzi, musatsale panja mukusewera ndi foni. Anthu akuluakuluwa ali ndi ulemu woononga zinthu. Adokotala anafunsa kuti agogo mukumva bwanji m'thupi, iwo n'kuyankha kuti ndili bwino bambo, kaya inu mwadzuka bwanji. Munthu woti usiku wonse amabuula! Ndinachita kulowererapo kuti agogo auzenitu za chizungulire chija, za mapazi kuchita dzanzi, za maso. Anandiyang'ana moipidwa n'kuti iwe mwana, nanga munthu ungangofika n'kuyamba kudandaula kwa eni ake? Adokotala anaseka, koma analemba zonse. Ndipo ndi pomwepo anatulukira kuti agogo akhala akumwa mankhwala ena a zitsamba a m'botolo omwe anagula pa tsiku la msika, zomwe ife apakhomo sitinkadziwa n'komwe.

Anawalembera HCTZ ndi amlodipine za BP, ndi metformin ya shuga. Pawindo la famase amakupatsa m'timapepala ta pulasitiki tija tojambulidwa dzuwa likutuluka, dzuwa la masana, likulowa ndi mwezi, ndiye amalemba kambali pansi pa chithunzi kusonyeza nthawi yomwera. Kwa munthu wosaona bwino zithunzizo n'zazing'ono, ife tinamanga ulusi wofiira pa a m'mawa ndi wakuda pa a madzulo, ndipo mdzukulu wina wa Sitandade 7 amene amagona nawo ndiye anakhala nesi wathu. Dziwiranitu kuti HCTZ imakodzetsa, n'chifukwa chake amati imwedwe m'mawa, metformin imafuna ndi chakudya apo ayi m'mimba muvuta, ndipo amlodipine ena imawatupitsa mapazi, zikatero kauzeni adokotala osangosiya. Nkhondo yaikulu inali yowamvetsetsa kuti mankhwalawa si ngati a malungo oti ukamaliza wachira. Atangoyamba kupeza bwino anati basi ndachira, otsalawo sungani adzathandiza wina. Nkhani ya mchere ndi soda wa mu therere ndiye sitinagwirizanebe mpaka lero.

Tsopano apa ndi pomwe mawu oti zaulere amayamba kupendekeka. Miyezi ina umafika pawindo paja n'kuuzidwa kuti awa alipo koma awa atha, kagulani. Sindikuloza chala chipatala chimodzi, aliyense amene amadalira zipatala za boma nkhani imeneyi akuidziwa. Zikatero pemphani akulembereni dzina la mankhwala ndi mphamvu yake, ma mg aja, ndipo mukagule ku famase yovomerezeka osati kwa ovenda a pamsika omwe amayanika mapilisi padzuwa pambali pa tomato. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya ku famase inakwera moonekeratu, poti pafupifupi mankhwala onsewa amachokera kunja. Onjezanipo kabaza kupita ndi kubwera anthu awiri, minibasi, chakudya cha panjira, ndi tsiku lomwe woperekezayo sanapite kumunda kapena ku geni yake. Nthawi ina atagonekedwa masiku angapo azakhali anga ndi amene anali gadiyani, kugona pansi pambali pa bedi, kuphika kuseri kuja pa mafuwa, nkhuni zogula, nyemba zawo kudimba zikuuma. Palibe risiti ya zimenezi koma ndi ndalama.

Za maso anati ndi ng'ala. Anthu ambiri kuno akamva ng'ala amaganiza za ku Nkhoma, chipatala cha mishoni cha CCAP chomwe chinatchuka kalekale pa maopaleshoni a maso, ndipo kuchokera ku Dedza si patali kwenikweni. Ingodziwani kuti zipatala za mishoni, monga Nkhoma kapena Mua kumunsi kwa mapiri uku, zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo ndi zolipira. Boma limachita nazo mapangano kuti anthu ena azithandizidwa ulere, koma kawirikawiri mapanganowo amayang'ana amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Ndiye imbani kapena tumani munthu akafunse mtengo musananyamule agogo. Funsaninso azaumoyo a m'dera lanu, pena madokotala a maso amayendera madera n'kusankha anthu oti akawapange opaleshoni.

Ndinayesanso za Mtukula Pakhomo. Pulogalamu imeneyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imatenga pafupifupi mabanja 10 pa 100 alionse, ovutikitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Sulembetsa wekha ngati ukufunsira ntchito, mayina amadutsa m'kaundula ndi m'makomiti a m'mudzi mogwirizana ndi a social welfare. Agogo sanalowemo, ndipo kunena zoona pali ena m'mudzimo ovutika kuposa iwo, osakhala ndi mwana ku Joni. Komanso si ndalama ya chipatala, ndi yoti munthu agule sopo ndi mchere. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la anthu achikulire, ndipo mabungwe ngati MANEPO akhala akulankhulira okalamba kwa nthawi yaitali, makamaka pa nkhanza zowanamizira ufiti. Ndi chiyambi chabwino, kungoti pawindo la famase lamulo silisanduka metformin.

Pagulu lathu paja mkangano unabuka msuweni wanga amene ali ku America atayamba kutiuza za Medicare. Kumeneko boma lili ndi inshuwalansi ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, inayamba mu 1965 nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson, ndipo gawo lina la ndalama zake amadula pa malipiro a anthu apantchito, 1.45 peresenti wantchito ndi ina yomweyo bwana wake. Komabe si yaulere yonse, mbali ina okalambawo amalipira pamwezi, ndipo ya mankhwala inachita kubwera mochedwa mu 2006. Iwonso amakangana chisankho chilichonse kuti ndalama zikwana mpaka liti, ndipo lamulo lina la zaumoyo la 2010, lotchedwa Obamacare, linawagawa pakati. Msuweni uja ankati ife tingotengera zomwezo. Ine ndinamufunsa kuti man, kumudzi kwathu kuno ndani ali ndi payslip yoti adulepo? Anthu ambiri ndi alimi, ndalama amaigwira akagulitsa kachewere, nyemba kapena soya, kamodzi kapena kawiri pachaka.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ine ndi cha Ghana. Anakhazikitsa inshuwalansi ya dziko lonse ndi lamulo la 2003, ndalama zambiri zimachokera ku msonkho wa 2.5 peresenti pa katundu wogula, ndipo anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo salipira ya pachaka. Nakonso madandaulo alipo, zipatala zimadandaula kuchedwa kulipidwa, koma gogo amakhala ndi khadi lake m'manja. Kuno nkhani ya inshuwalansi ya dziko ndi thumba la zaumoyo yakhala ikukambidwa kwa zaka, pomwe zipatala zikuluzikulu zili kale ndi mbali zolipira kwa amene akufuna. Amalume amati anthu azilipirako kangachepe kuti mankhwala asamathe, zaulere ndi zomwe zikutipha. Ndimawamva, koma ndinaona ndi maso anga gogo wina pabenchi paja amene anayenda wapansi kuyambira usiku chifukwa ya kabaza analibe, ameneyo mukamuikira kangachepe pakhomo la chipatala sabweranso, adzamupeza atagwa sitiroko m'nyumba. Maiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ife timaperewera kawirikawiri ndipo mbali yaikulu timadalira ma donor, zomwe tinaziona kuwawa kwake America itaimitsa thandizo la USAID kumayambiriro kwa 2025. Kwa ine a boma asanatiuze za makhadi ayambe aonetsetsa kuti mankhwala a BP ndi shuga, omwe ndi otchipa akagulidwa ochuluka, akupezeka pa health centre iliyonse kuti nkhalamba isamakwere minibasi chifukwa cha timapilisi ta mwezi umodzi.

Panopa tinangopanga kathumba kathu. Aliyense amaponya yomwe angathe mwezi ukatha pa Airtel Money kapena Mpamba, azakhali amasunga, ine ndimalemba m'kope zomwe zatuluka ndipo ndimajambula n'kuponya pagulu kuti pasakhale zonong'onezana. Ndalamayo ndi ya thiransipoti, mankhwala akasowa, ndi ya mwadzidzidzi basi, osati ya maliro kapena feteleza, izi tinachita kukangana kuti zimveke. Tsiku la kiliniki amalilemba m'buku, pitani mapilisi asanathe osati atatha. Ndipo mvula ikamayandikira pemphani adokotala ngati n'kotheka akupatseni a miyezi iwiri kapena itatu, akakhala nawo okwanira ndipo BP yakhazikika amavomera, chifukwa kwathu kuno mtsinje ukadzadza mu January ngakhale wakabaza amakana.