Zikomo abale, chaka chatha mwana wanga osagwa

Abale anga ndati ndilembe pano poti mtima wadzadza. Lero chakwana chaka chathunthu mtsikana wanga osagwa khunyu olo kamodzi, mayeso a Sitandade 8 aja wakhozanso. Enanu mukudziwa zinayamba atadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4, ndipo kuno ku Bembeke mwezi wa June anthu timakhalira kuotha moto, ndiye tsiku lina anagwera pafupi ndi mbaula, chipsera chili pamkono mpaka lero.

Zikomo kwa adokotala a pa Dedza boma amene anatitumiza ku Queens kukapima EEG, makina oona mmene ubongo ukugwirira ntchito. Anatiuza kuti usiku wake mwana asagone mokwanira kuti akagone pa makina pomwepo, ine ndinadabwa. Anamumata timawaya m'mutu ndipo atayamba kusinza mizere pa kompyuta inasintha ndikuona ndi maso angawa. Anandifotokozera kuti mu ubongo muli timaselo pafupifupi 86 biliyoni totumizirana uthenga ndi kamagetsi kochepa, munthu akakhala maso kalikonse kamayankhula nthawi yake ngati pa msika wa Lizulu, akagona tulo tofa nato timayankhula pamodzi n'kukhala chete pamodzi pang'onopang'ono, ndiye pomwe akulowa kapena kutuluka m'tulo, kapena akachezera usiku, kwa mwana ngati wanga n'kosavuta kuti tambiri tikuwe nthawi imodzi, kugwa kuja n'kumeneko. Apa mpomwe ndinazindikira chifukwa chake ankagwa m'bandakucha tikachokera kogona pa siwa, ine nkumati walodzedwa.

Agogo ake zikomo, munavomera kuti mdzukulu asamagonenso kumaliro ngakhale ena ankanena. Aphunzitsi ake, munamulola asiye zowerenga usiku ndi tochi, munauzanso anzake kuti khunyu sapatsirana ndi malovu, akagwa amugoneke chammbali osamuika supuni mkamwa. Achimwene anga inu, ndalama ya mbatatesi ija munatipatsa ya thiransipoti sindidzaiwala. Amayi a mvano, mapemphero anu ndi ufa uja zinafika pa nthawi yake.

Mankhwala akumwabe tsiku lililonse osadumphitsa, adokotala anati tisasiye tokha ngakhale aoneke kuti wachira. 8 koloko ikakwana amakhala ali m'bulangete, foni ndimasunga ine. Loweruka tiphika kuno kunyumba, amene muli pafupi bwerani tidzadye limodzi.