Chinjerwa cha malume chadzukanso

Amiga 500, kompyuta yakale imene ili patebulo panga, inali ya malume. Anabwera nayo kuchokera ku England pamodzi ndi madisiki odzaza katoni ya nsapato, ndipo ife ana tinkaigwira pokhapokha titasamba m'manja. Commodore inatulutsa makinawa mu 1987, kampaniyo n'kugwa mu 1994, ndiye chikawonongeka chinthu palibe kokadandaula. Umangovula malaya n'kudzikonzera wekha.

Mwezi watha ndinaiyatsa, kanyali kake kanangophethira kamodzi n'kuzima. Mtima unangoti myuu. Nditayeza ndi mita ndinapeza kuti kompyuta ilibe mlandu, wafa ndi power supply, chibokosi cholemera chopatsa kompyuta magetsi chimene kwathu tinkachitcha chinjerwa. Paja Amiga 500 ilibe switchi payokha. Switchi ili pachinjerwapo, ndipo malume ankaidina ndi chala chachikulu cha kuphazi chifukwa chinkakhala pansi pa tebulo.

N'chifukwa chake sindinafune kugula chatsopano, ngakhale zilipo zambiri pa intaneti, zakuda, zopepuka ngati chaja ya foni. Ine ndimafuna bokosi lomwelo, lofwifwa ngati mano a nkhalamba, ndi kaphokoso kake koti "tapu". Ndinaganiza zongochotsa matumbo n'kuikamo ena.

Kompyutayi imafuna magetsi a mitundu itatu: +5V ya machipu, +12V imene diski dirayivu imagwiritsanso ntchito, ndi -12V imene imapita ku mawu ndi ku serial port, polumikizira zipangizo zina. Yachitatuyi ndiyo imavuta, chifukwa machaja wamba alibe. Ndinagula power supply ya Mean Well RT-50B, ya ku Taiwan, imene imatulutsa zonse zitatu, ndipo pa 5V imapereka mpaka 4A. Kuti ilowe m'bokosi ndinadula timizati tiwiri ta pulasitiki ta m'kati ndi kasowo ka zitsulo. Ndinadzicheka pang'ono pachala, koma zimenezo n'zanga.

Pamene ndinatsala pang'ono kulira ndi pa mawaya. Ndinali nditapeza chithunzi chosonyeza kuti waya wa mtundu wakuti ndi wa 5V, wakuti wa 12V, ndipo ndinayamba kumanga masikuluwu ndikuimba likhweru. Kenaka chinachake chinandiuza kuti ndiyeze kaye. Ndinaika mita poti izilira nsonga zake zikalumikizana, nsonga imodzi pa waya, inayo pa kaphini ka pulagi ya makona anayi yolowa mu kompyuta, kamodzikamodzi mpaka onse asanu. Abale, mitundu ya mawaya anga sinkagwirizana ndi chithunzicho. Zinjerwazi zinapangidwa zamitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse unali ndi mawaya akeake. Ndikanangolumikiza, 12V ikanalowa njira ya 5V, ndipo Agnus, Denise ndi Paula, machipu atatu amene amapanga Amiga kukhala Amiga, akanapsera limodzi pakamphindi. Chinanso chosokoneza n'chakuti pulagi ukaiyang'ana kumaso, zamanja zimakhala zamanzere poyerekeza ndi mmene umaionera kumbuyo. Ndinajambula papepala kawiri, kachiwiri nditamwa tiyi kaye.

Mbali ya 230V sindiseweretsa. Fyuzi ndinaisiya, waya wa earth ndinaumanga pamalo pake, ndipo pomwe panali poyera ndinaphimba ndi heat shrink, kapaipi ka pulasitiki kamene kamafinya waya kakatenthedwa. Aliyense wotsegula chakale akumbukire kuti makapasita akuluakulu amasunga moto ngakhale mwazula kukhoma.

Nditayatsa kompyuta ili yolumikizidwa, mita inawerenga 4.8V kumapeto kwa chingwe, poti chingwe chachitalicho chimadyako pang'ono. Pa Mean Well pali kasikuluwu kosinthira, ndipo ndinakapotoza pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira, mpaka inafika pa 5.0V.

Sikirini inayera, kenaka panatuluka chithunzi cha dzanja logwira diski cha Kickstart 1.3, pulogalamu yoyambitsira Amiga, dirayivu ikugogoda ngati nkhuku yojompha chimanga pathireyi. Ndinatseka bokosi, n'kuliika pansi pa tebulo. Lapepuka kwambiri tsopano moti ndikalidina ndi phazi limathawa, ndiye ndalitsamiritsa ku mwendo wa tebulo.